Kusankha hitchi yokokera kalavani ya fifth wheel ngati pikapu yanu ndi ya bodi yaifupi

Ngozi yodziwika ya anthu okoka kalavani ya fifth wheel ndi pikapu ya bodi yaifupi siichitikira pa msewu waukulu ayi. Imachitikira pomwetsa mafuta kapena pamalo ogonapo apaulendo, galimoto ikubwerera chambuyo pang'onopang'ono, maso a dalaivala ali pa galasi la m'mbali. Kona ya kalavani imasendera mwakachetechete n'kudzagunda kebu, galasi lakumbuyo n'kungoti phwaa. Vutoli limayambira ku sitolo, tsiku limene munthu anagula hitchi asanagwire tepi yoyezera.

Makalavani amenewa ndi ofala ku America ndi ku Canada, ndipo ambiri amapangidwira ku Elkhart m'boma la Indiana, kufupi ndi South Bend komwe kumakhala Amalawi ambiri ndithu. Aliyense amene anaonapo hosi, mutu wa thiraki uja, ikukoleka ngolo pa mathiraki a ku Beira kapena ku Dar es Salaam akudziwa kale mmene zimagwirira ntchito. Kunsi kwa mphuno ya kalavani kuli chitsulo chokhuthala mainchesi 2 chotchedwa kingpin, ndipo mu bodi ya pikapu muli mbale yachitsulo yokhala ndi nsagwada zogwira chitsulocho, yomwe ndiyo hitchi. Kusiyana kwake n'kwakuti hosi anaipangira ntchito imeneyi, pamene pikapu ya bodi yaifupi tikungoikakamiza.

Hitchi imayenera kukhala pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, kapena kutsogolo kwake pang'ono chabe. Mu pikapu ya bodi ya mafiti 8, kuchokera pa kebu kufika pa ekiseloyo pamakhala mainchesi pafupifupi 56. Mu bodi ya mafiti 6 ndi theka pamatsala pafupifupi 40, ndipo mu ya mafiti 5 ndi theka pamachepanso kwambiri. Pomwe kalavani m'lifupi mwake imakhala mainchesi 96, zina mpaka 102. Theka la 96 ndi 48. Ndiye mukakhota kwambiri, mbali ya kalavani ikufuna malo a mainchesi 48 pamene inu muli ndi 40 okha.

Yambani ndi kulemera

Musanayang'ane hitchi iliyonse, tsekulani chitseko cha dalaivala. Pa felemu yake pali sitika ya matayala, nthawi zambiri yokhala ndi chikasu, yonena kulemera kwa anthu ndi katundu komwe galimoto yanuyo isapitirire. Nambala imeneyo ndiyo yofunika, osati ya pa chikwangwani cha otsatsa malonda yonena kuti pikapu ya mtundu umenewu imakoka mapaundi masauzande akutiakuti. Kukoka ndi kunyamula n'zosiyana. Kalavani ya fifth wheel imasenzetsa pikapu gawo lalikulu la kulemera kwake, pakati pa 15 ndi 25 pa 100 alionse, ndipo ambiri powerengera amatenga 20.

Powerengerapo musatenge kulemera kwa kalavani ili yopanda kanthu, komwe ogulitsa amakonda kutchula. Tengani GVWR, malire a kulemera kwake itadzaza, yomwe imalembedwa pa sitika ya kumanzere chakutsogolo kwa kalavaniyo. Madzi, gasi, mabatire, zofunda ndi mapoto zonse zidzalowamo, ndipo malo aakulu osungiramo katundu ali kutsogolo, kufupi ndi kingpin.

Tiyerekeze kuti sitika ya pikapu yanu ikuti mapaundi 3,000 ndipo GVWR ya kalavani ndi 11,000. Gawo la 20 pa 100 ndi mapaundi 2,200. Muikepo hitchi yotsetsereka (yosunthira kumbuyo kuti kalavani italikirane ndi kebu pokhota) ya mapaundi 250, kenako inuyo, mayi a kunyumba ndi ana awiri, mapaundi 550. Zakwana 3,000 ndendende, musanakweze nkhuni, jenereta kapena galu. Tsopano taganizani za pikapu zing'onozing'ono za gulu la F-150, Ram 1500 kapena Silverado 1500, zomwe zambiri sitika yake siifika n'komwe pa 2,000. Kalavani ya mapaundi 8,000 ikhoza kudya 1,600 yokha. N'chifukwa chake ambiri okoka fifth wheel amagula F-250, Ram 2500, Silverado 2500 kapena zazikulu kuposa pamenepo. Chenjeraninso ndi za dizilo: injini yake ndi yolemera, ndipo kulemerako kumachotsedwa pa katundu amene mukananyamula.

Palinso manambala awiri oti muone. GAWR yakumbuyo ndi malire a ekiselo yakumbuyo, ndipo pafupifupi kulemera konse kwa kingpin kumagwera pamenepo. GCWR ndi malire a pikapu ndi kalavani pamodzi, ndipo imapezeka m'buku la galimoto. Masipuling'i owonjezera ndi matumba a mpweya amadzutsa kumbuyo kwa galimoto kuti kusagwade, koma sasintha manambala a pa sitika. Hitchi yolembedwa kuti imapirira mapaundi 20,000 nayonso siwonjezera kanthu pa mphamvu ya pikapu. Ngati masamu akana apa, vuto si hitchi. Sinthani kalavani kapena galimoto, nkhani ya hitchi ibwere pambuyo.

Tengani tepi, mukwere mu bodi

Mukufunika miyezo itatu. Woyamba ndi mtunda wochokera pa kebu kufika pomwe padzakhale pakati pa nsagwada za hitchi. Ngati hitchi siinamangidwe, pezani pamene pali pakati pa ekiselo, mulembe ndi choko pansi pa bodi, kenako muone m'malangizo a hitchiyo kuti imakhala mainchesi angati kutsogolo kwa mzerewo. Yezani kufika pa chinthu choyamba chimene kalavani ingagunde. Ngati muli ndi chitsulo chotchinga galasi kapena bokosi la zida lotalika kuposa m'mbali mwa bodi, muyezo uthere pamenepo.

Wachiwiri ndi mtunda umene hitchi imatsetsereka kupita kumbuyo, womwe opanga amalemba pa katoni. Wachitatu ndi theka la m'lifupi mwa kalavani. Phatikizani woyamba ndi wachiwiri, muchotsepo wachitatu. Chotsalacho ndi mpata wa pakati pa kebu ndi kalavani mutakhota mpaka kalavani itapingasa, madigiri 90. Ogulitsa mahitchi ambiri amalangiza kuti mpatawo usachepere mainchesi 4.

Mwachitsanzo, mwayeza n'kupeza 38. Hitchi yotsetsereka mainchesi 12 ikupatsani 50. Kuchotsapo 48 kwatsala 2. N'zochepa. Yotsetsereka 14 ikufikitsani pa 4, pamalire penipeni. Kalavani ikakhala ya mainchesi 102, theka lake ndi 51, ndipo ngakhale ya 14 ija ikusiyirani inchi imodzi yokha. Mu bodi ya mafiti 5 ndi theka, momwe muyezo woyamba ungakhale cha m'ma 30, hitchi ya mainchesi 12 siikuthandizani kanthu: 30 ndi 12 ndi 42, ndipo 48 simunaifike.

Masamu amenewa amaona kalavani ngati bokosi la makona akuthwa. Makalavani ambiri atsopano mphuno yake anaiseta m'makona kuti izilambalala kebu, ndipo ena khosi lake, chitsulo chonyamula kingpin, ndi lalitali moti kingpin imatsogola kuposa mphuno. Zimenezi zimakupatsani madigiri owonjezera, n'chifukwa chake mudzakumana ndi anthu a bodi ya mafiti 6 ndi theka amene akhala zaka akukoka ndi hitchi yosatsetsereka osagunda kanthu. Sakunama. Koma kalavani yawo si yanu. Imirirani pansi pa mphuno ya kalavani yanu, muyeze kuchokera pa kingpin kufika pa kona yotalikirana nayo kwambiri, pa msinkhu womwe udzayang'anane ndi galasi ndi denga la kebu. Kona imeneyo imazungulira ngati nsonga ya kampasi ya kusukulu, ndipo utali umenewo ndi womwe uyenera kukwana pakati pa hitchi ndi kebu.

Chimene pepala silionetsa n'chakuti pansi sipakhala posalala nthawi zonse. Pikapu ikayamba kukwera kachitunda ka polowera pomwetsa mafuta, kalavani idakali m'munsi mu msewu, denga la kebu limaweramira kumbuyo n'kuyandikira mphuno ya kalavani. Mainchesi 2 omwe munawapeza pa simenti ya pakhomo amathera pomwepo. Mainchesi 4 aja anawaikira zimenezi.

Mitundu ya hitchi

Yosatsetsereka ndiyo yotchipa, yopepuka ndi yosavuta kusamala. Ngati bodi yanu ndi ya mafiti 6 ndi theka kapena kuposerapo, mphuno ya kalavani ndi yosetedwa, ndipo muyezo wa kona uja watuluka bwino, ikhoza kukukwanirani. Mukungoyenera kuvomereza kuti pali malire okhotera omwe simudzawadumpha, ndi kuti pobwerera chambuyo muzikhala ndi munthu woima panja woyang'ana kebu.

Yotsetsereka pamanja imakhala pa njanji zake ndipo ili ndi malo awiri: lakutsogolo loyendera pa msewu ndi lakumbuyo lokhotera pamalo opanikizika. Zambiri zimatsetsereka mainchesi 10 mpaka 12. B&W Companion Slider imayenda 12, ndipo Curt ndi Reese ali ndi zawo. Kagwiritsidwe kake n'kotere: mwaimitsa pikapu ndi kalavani zitawongoka, mwatsika, mwakoka chogwirira, mwabwerera mu kebu, mwagwira mabuleki a kalavani ndi kabatani ka pamanja, n'kusendera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mutamva kuti yakhoma. Mukamaliza kukhota mubwezenso kutsogolo musanalowe mu msewu, chifukwa kuyenda pa liwiro hitchi ili kumbuyo kwa ekiselo kumapepukitsa matayala akutsogolo, chiwongolero n'kuyamba kuyandama.

Pa pepala zonsezi zikumveka bwino. Vuto la hitchi imeneyi ndi munthu. Kona yoopsa siichenjeza. Imabwera mutasochera mu tauni yachilendo, kumbuyo magalimoto akuimba mahutala, kunja kukugwa mvula, ndipo mumadziuza kuti aa, ikwana iyi. Komanso ikakhala nthawi yaitali osatsetsereka imachita dzimbiri n'kukakamira, ndipo siilola kuyenda ngati pikapu ndi kalavani zapindika kale. Ndiye pa nthawi imene mwazindikira kuti mukuifuna, m'pamene imakana. Ine ndimaona kuti imayenera munthu wodekha amene amapita malo omwe amawadziwa, monga amene amakaimika kalavani pamalo amodzi chilimwe chonse.

Yotsetsereka yokha imabwerera kumbuyo payokha mukamakhota, n'kubwereranso kutsogolo mukawongola, popanda magetsi kapena kutsika m'galimoto. Zodziwika ndi PullRite SuperGlide ndi Demco Hijacker Autoslide. Zambiri zimayenda mainchesi 14, ndipo PullRite ili ndi ina yopangidwira mabodi aafupi kwambiri yomwe imapitirira mainchesi 22. Kuti igwire ntchito, mutu wa hitchi uyenera kuzungulira limodzi ndi kalavani. Pa SuperGlide pamafunika mbale yapadera yotchedwa capture plate yomangidwa pa khosi la kalavani, ndipo iyenera kukhala yogwirizana ndi mtundu wa khosi lanulo. Muifunse pogula, isadzakudzidzimutseni tsiku lokatenga kalavani.

Zovuta zake zilipo. Ndi yodula kuposa zonse, ndi yolemera moti munthu mmodzi sangaitsitse mu bodi, imafuna kupakidwa mafuta pafupipafupi m'njanji zake, ndipo pokoleka kapena pomasula muyenera kukhala mutawongoka kapena kutsala pang'ono. Pamalo ogona pomwe mwalowa chopindika, kumasula kumatha kukuchedwetsani. Komabe kwa munthu woyenda maulendo ataliatali m'malo osawadziwa, ngati sitika ya pachitseko ikulola kulemerako, iyi ndi imene ndingasankhe. Mtengo wa galasi ndi kuwongola kona ya kebu ukhoza kufanana ndi kusiyana kwa mitengo ya mahitchi awiriwa.

Njira ina ndi yosintha khosi la kalavani, lomwe m'masitolo amalitcha pin box, m'malo mosintha hitchi. Reese Sidewinder imasamutsa pozungulira kupita kumbuyo mainchesi 22. Kingpin imakhalabe mu nsagwada pamwamba pa ekiselo, koma imatsekeredwa ndi kachitsulo kotchedwa wedge kuti isazungulire, ndipo kalavani imazungulira pa mfundo ina yomwe ili kumbuyo. Pa chitsanzo chathu chija, 38 ndi 22 kuchotsapo 48 kwatsala 12, mpata wokwanira bwino. Mu bodi ya mafiti 5 ndi theka, 30 ndi 22 kuchotsapo 48 kwatsala 4. Makalavani ena opepuka amachoka ku fakitale ali kale ndi khosi lotere, monga Turning Point ya Lippert, ndiye suzumirani kaye pansi pa mphuno musanawononge ndalama pa hitchi yotsetsereka.

Pa khosi lozungulira pali zoti musamale nazo. Wedge iyenera kukhala yopangidwira hitchi yanuyo, chifukwa kukamwa kwa mahitchi kumasiyana. Si hitchi iliyonse imaloledwa ndi opanga ake kugwira ntchito ndi khosi lotere, popeza limapotokola hitchi mwamphamvu pokhota, choncho werengani malangizo a mbali zonse ziwiri. Musaliphatikize ndi hitchi yotsetsereka yokha pokhapokha khosilo mutalikhoma ndi mabawuti ake kuti lisamazungulire. Ndipo onetsetsani kuti mkono wa khosilo sukukhula m'mbali mwa bodi pokhota.

Pomaliza pali zokolekera pa mpira wa gooseneck, womwe ndi mpira wachitsulo wa mainchesi 2 ndi 5/16 wokolekerapo ngolo mu bodi. Andersen Ultimate ndi felemu yopepuka, ya aluminiyamu imalemera mapaundi osafika 40, ndipo munthu mmodzi amainyamula. Pa kingpin pamamangidwa kachibokosi komwe kamavala mpira, ndipo kamangidwe kake kamasunthira kalavani kumbuyo mainchesi angapo. Zimathandiza, koma sizifika pa 12 kapena 22, ndiye masamu aja muwachitebe. Ubwino wake waukulu ndi wa kulemera: mapaundi 200 omwe mwapulumutsa ndi munthu wamkulu mmodzi mu kebu. Reese Goose Box imalowa m'malo mwa khosi lonse n'kusiya bodi yopanda kanthu kupatula mpira. Zomwe ndikukuletsani ndi timapaipi totchipa tomangirira pa kingpin kuti kalavani ikoleke pa mpira wa pansi pa bodi. Chitsulo chachitali chotero chimakoka felemu ya kalavani mopotokola, ndipo opanga mafelemu ena amakana kukonza zowonongeka akapeza kuti munachigwiritsa ntchito. Kumbukiraninso kuti chokolekera pa mpira m'maboma ambiri a ku America chimafuna matcheni achitetezo.

Imangidwa bwanji pa galimoto

Hitchi siigwira pa malata a bodi. Mphamvu yake iyenera kutsikira pa chasisi. Choyamba yang'anani m'kati mwa bodi yanu. Mukaona timabowo tinayi tovundikira ndi lina pakati, galimotoyo inabwera ndi zomangira za ku fakitale, zomwe anthu amazitcha puck system. Ford inayamba kuziika mu Super Duty (F-250 ndi zazikulu kuposa pamenepo) mu 2011, Ram mu 2013, ndipo Chevrolet ndi GMC, za kampani imodzi ya GM, anatsatira mu 2016. Mabowowo satalikirana mofanana pa makampani atatuwa, ndipo a GM anasinthanso kuyambira mu 2020. Pogula tchulani kampani, chaka ndi utali wa bodi, osangoti ndikufuna ya Chevy.

Ngati mabowowo palibe, muli ndi njira ziwiri. Yakale ndi njanji ziwiri zopingasa mu bodi, zotalikirana mainchesi pafupifupi 22, zomangidwa ndi mabawuti pa mabulaketi a pa chasisi. Mahitchi a makampani ambiri amakwanira pa njanji zimenezi, n'chifukwa chake kupeza yogwiritsidwapo kale ntchito sikuvuta. Kuipa kwake n'kwakuti njanjizo zimatsala mu bodi, ndipo fosholo imakodwamo nthawi iliyonse mukamatsitsa mchenga. Gulani mabulaketi opangidwira galimoto yanu yeniyeniyo, chifukwa amalowa m'mabowo omwe alipo kale pa chasisi. Mabulaketi oti amakwana paliponse amafuna kuboola chasisi, ndipo kumeneko kumadutsa mapaipi a mabuleki, a mafuta ndi mawaya. Njira yachiwiri ndi kumanga mpira wa gooseneck pansi pa bodi, monga B&W Turnoverball, kenako n'kukhazikapo hitchi yopangidwira pamenepo. Mukachotsa hitchi ndi kutembenuza mpirawo, bodi imatsala yosalala.

Pali tizinthu tomwe timaiwalika. Pulasitiki yoyala mu bodi iyenera kudulidwa pomwe pakhale njanji, kuti chitsulo chikhale pa chitsulo. Mukamanga pamwamba pa pulasitiki, imaphwanyika n'kusiya mabawuti ali wefuwefu. Bodi ya F-150 kuyambira 2015 ndi ya Super Duty kuyambira 2017 ndi ya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu ikakhudzana ndi chitsulo pamalo onyowa imadyeka, choncho pamafunika zotchinga zake pakati. Chovundikira bodi chopinda kapena chokulunga chimadya malo kufupi ndi kebu, pomwe malo ndi osowa kale. Mabawuti onse amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, pa muyezo wolembedwa m'malangizo, ndipo muwabwereze mukayenda ulendo woyamba. Ngati ntchito yogona pansi pa galimoto simunaizolowere, lipirani amakanika odziwa za mahitchi. Pomwepo akuikireni soketi ya mapini 7 m'kati mwa bodi, chifukwa waya wodutsa pamwamba pa chitseko chakumbuyo kupita ku bampala umakodwa pokhota.

Msinkhu

Mapikapu a masiku ano ndi ataliatali, makamaka a 4x4, ndipo makalavani akale sanapangidwire zimenezo. Mutakoleka pamalo osalala, pakati pa m'mbali mwa bodi ndi kunsi kwa mphuno ya kalavani pakhale mainchesi 6 kapena kuposerapo. Pakachepa, mudzaphwanya m'mbali mwa bodi kapena chitseko chakumbuyo podutsa pa ngalande. Koma kalavani iyeneranso kuyenda yowongoka, mphuno isaloze kumwamba, apo ayi ekiselo yake yakumbuyo imasenza katundu wochuluka, matayala ake n'kumatentha ndi kuphulika. Hitchi ili ndi mabowo okwezera ndi kutsitsira mutu, khosi la kalavani lilinso ndi ake. Sinthani ziwirizi mpaka zonse zitheke. Mukamaliza yezani kutalika kwa kalavani kuchokera pansi kufika pamwamba pa choziziritsira mpweya cha padenga, mulembe pa kapepala n'kumata pa dashibodi. Malire a m'maboma ambiri ndi mafiti 13 ndi mainchesi 6, koma milatho ina yakale ndi yaifupi kuposa pamenepo.

Kukoleka koyamba ndi kuyesa

Ikani zotsekera ku matayala a kalavani. Tsitsani chitseko cha bodi. Ambiri achiphwanyapo ndi kingpin chifukwa choiwala. Sinthani miyendo ya kalavani kuti mbale ya pa khosi ikhale m'munsi pang'ono kuposa mutu wa hitchi, kuti pobwerera ikwere yokha pa mbaleyo. Ikakhala pamwamba kwambiri, kingpin imatha kungotsamira pamwamba pa nsagwada osalowa, chogwirira n'kuoneka ngati chatseka. Tsikani ndi tochi, musuzumire kumbuyo kwa hitchi. Nsagwada zikhale zitakumbatira pakhosi pa kingpin, ndipo pakati pa mbale ziwirizo pasaoneke kuwala. Lowetsani pini yotsekera chogwirira, mulumikize waya wa magetsi, ndipo kachingwe ka mabuleki adzidzidzi mukakoleke pa chinthu cholimba cha galimoto.

Kenako kwezani miyendo ya kalavani inchi imodzi yokha kuchoka pansi, mugwire mabuleki a kalavani ndi kabatani ka pamanja, n'kukoka pang'ono. Ikakhala kuti siinagwire, igwera pa miyendo yake m'malo mogwera pa bodi. Ikalimba, kwezani miyendo mpaka mmwamba, tsekani chitseko, chotsani zotsekera matayala.

Musanapite kutali, pezani bwalo lalikulu lopanda magalimoto ndipo mutenge mnzanu. Khotani pang'onopang'ono, iye ataima pomwe akuona kona ya kalavani ndi kebu, ndipo mugwirizane kuti akakweza dzanja muime nthawi yomweyo. Yesani kumanja ndi kumanzere, chakutsogolo ndi chambuyo. Chambuyo ndiye koopsa, chifukwa kalavani imapindika msanga kuposa mmene chiwongolero chingaipindire mukupita kutsogolo. Pomwe waimitsa mnzanuyo, yang'anani pa galasi la m'mbali muone chizindikiro cha pa kalavani chomwe chikuonekera, kapena matanipo kachidutswa ka tepi yofiira, kuti mudzadziwe malire muli nokha. Ngati hitchi ndi yotsetsereka pamanja, yesani malo onse awiri. Musazolowere kufika pa madigiri 90 ngakhale mpata ulipo, chifukwa pamenepo matayala a kalavani sagudubuzika, amangokhwekhwerezeka chammbali, ndipo masipuling'i ndi mabelingi amavutika.

Chotsala ndi sikelo. Pamalo ambiri omwetsera mafuta mathiraki ku America pali masikelo a CAT Scale, ndipo aliyense amaloledwa kukwerapo atalipira ndalama yochepa. Pitani mutapakira ngati mmene mudzayendere, banja lonse lili mu kebu. Pimani koyamba kalavani ili yokoleka, ekiselo yakutsogolo pa mbale yoyamba, yakumbuyo pa yachiwiri, matayala a kalavani pa yachitatu. Kenako kamasuleni kalavani pamalo oimikapo, mubwere mudzapime pikapu yokha. Kusiyana kwa kulemera kwa ma ekiselo awiri a pikapu pa mapepala awiriwo ndiko kulemera kwenikweni kwa kingpin. Yerekezani ekiselo yakumbuyo ndi GAWR ya pachitseko, ndi ma ekiselo awiri pamodzi ndi GVWR ya pikapu. Mukapitirira pang'ono, samutsani katundu wolemera kuchoka m'chipinda chakutsogolo cha kalavani, ndipo ngati thanki yamadzi ili kutsogolo kwa matayala, muziyenda ili yosadzaza n'kukatunga komwe mukupita.